Tsiku Limene Ndinakoka Khutu la Kathyali pa Foni

Amene akufuna kuseka asekeretu tsopano, amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Iwe Gilibati, ndakuona ukutsinzinirana ndi mnzakoyo, ukuti mdala Mbewe wayambanso zake. Khala bwinobwino pa thumba lakolo, magetsi azima, chigayo chaima, kulibe kumene ukupita. Ine Zakeyo Mbewe sindinanamepo chibadwire, ndipo wokayika akwere minibasi apite ku Katete akafunse, msika wonse unaona ndi maso.

Mauthenga a mbava aja mukuwadziwa, amene amagwa m'mafoni tsiku ndi tsiku: mwawina feteleza, mwawina galimoto, ndatumiza ndalama molakwitsa bwezani, tumizani pa nambala iyi dzina lituluka lakutilakuti. Inu mumayamba mwawerenga kuti muzindikire. Ine ayi, ndimanunkhiza. Uthenga wabodza umanunkha ngati kapenta wonyowa amene waiwalika m'pepala nthawi ya dzinja, ndipo mphuno yangayi imaumva usanatere n'komwe, ukadali m'mwamba ukusakasaka foni yoti ugweremo. Mukumva?

Chaka chija nshawa, mtedza uja, zinabereka kwambiri kuno ku Sinda, ndinali kudimba m'mawa ndikuthirira repu, ndinangomva fungo likudutsa pamutu panga, fungo loopsa loti ng'ombe zanga zinayetsemula zonse pamodzi, repu anafota ndikumuona, ndipo khwangwala anagwa mu mtengo atatseka mphuno ndi phiko. Ndinalitsatira ndi mphuno fungo lija, ndipo ndinaona kuti likutsikira kumudzi kwa alamu anga aNabanda.

ANabanda ndi mkazi wa malemu mkulu wanga, mayi wofatsa amene sadziwa kuganizira munthu zoipa. Analima okha nshawa chaka chonse kuti afolere nyumba ndi malata, chifukwa denga la udzu linkadontha pamphasa penipeni. Mwana ali naye mmodzi yekha, Lameki, amene amamanga nyumba ku Lusaka. Nshawazo anali atagulitsa dzulo lake, ndalama zili pampango m'chiuno.

Ndinataya kheni yothirira, ndinalumpha mpanda wa dimba osaukhudza, kukafika ndinapeza chitseko chotseka, pabwalo nkhuku zokhazokha. Mayi woyandikana nawo nyumba anandiuza kuti aNabanda achoka akulira, akwera minibasi ya ku Katete kukatumiza ndalama, akuti Lameki wagwa pa nyumba yosanja, ali m'chipatala, ndipo dokotala sam'gwira mpaka alandire ndalama.

Njinga yanga mukuidziwa, ilibe mabuleki, tcheni n'chomanga ndi waya. Ndinaikwera imeneyo, ndinapalasa, abale anga, ndinapalasa, ndinapitirira malole onyamula thonje, ndinapitirira basi ya ku Chipata mpaka okwera anayamba kukalipira dalaivala kuti bwanji ukutibwezera m'mbuyo, ndinapitirira mthunzi wanga womwe, umene unadzandipeza masana uli wefuwefu ukupempha madzi, matayala anayaka moto, phula linafiira, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anaotcha chimanga pomwe ndadutsa mpaka madzulo osagula makala, ndipo minibasi ija ndinaipitirira osaiona n'komwe. Kufika pa Katete njinga inakana kuima, ndinangozungulira msika, kuzungulira, kuzungulira, mpaka inatopa yokha n'kugona pansi ngati galu. Mukumva inu?

Ndinkadziwa kumene alamu adzafikire. Pali sitolo ya Che Amidu, Msilamu wobadwira ku Malawi, wogulitsa nsalu ndi malata, ndipo pakhonde pake ali ndi kanyumba kotumizira ndalama pa foni. Ndinakhala pamenepo, ndinamwa tiyi, ndinametetsa ndevu, zinameranso, kenako minibasi inatulukira.

Apa ndisaseke. Mmene anatsikira mayi uja sindidzaiwala: nsapato imodzi kuphazi, ina kumanja, duku lapendekeka, zala zikulimbana ndi mfundo ya mpango koma yosamasuka. Ndinawagwira dzanja.

“Alamu, imani kaye.”

“Ndisiyeni alamu, mwana wanga akufa,” anatero.

Ndinawalanda foni ija, ndipo fungo linatuluka lakuti Che Amidu anatsekula mazenera onse. Ndinati, alamu, taonani bwino. Nambala iyi n'njachilendo. Uthengawu ukuti musaimbe chifukwa foni ya mwana wanu yasweka, ukuti musauze munthu aliyense, ukuti fulumirani nthawi ikutha. Munthu amene akukuthamangitsani n'kumakuletsaninso kufunsa, ameneyo akufuna chiyani? Dokotala wanji wolandirira ndalama pa nambala yakeyake, dzina lotuluka la munthu winanso? Ndipo taonani, alemba kuti mwana wanu, mwana wanu, dzina la Lameki mulibemo ngakhale pamodzi, mwaliikamo nokha ndi mantha anu.

Che Amidu anavomereza ndi mutu. “Amayi, ine sinditumiza kanthu mpaka muimbire mwanayo pa nambala yake imene mumaidziwa.”

Ndinawabwezera foni, anaimba. Inalira, inaliranso, kenako Lameki anayankha m'kamwa muli modzaza: “Amama, kuli bwanji? Ndikudya chitumbuwa, tangopuma kumene.”

Alamu anangokhala pansi pa dothi, pakati pa anthu, akuseka uku akulira, kenako n'kuyamba kum'kalipira Lameki kuti n'chifukwa chiyani suimba, n'chifukwa chiyani umakwera pamwamba pa nyumba za eni, wavala chipewa cholimba chija? Mwanayo kumangoti amama ndalakwanji.

Pamenepo m'pamene ukali unandikwera. Ndinati munthu woliza mayi wamasiye chonchi ndimuone. Ndinaimba nambala yachilendo ija, ndipo linayankha liwu lonenepa, lodzikuza, lakuti, “Ndine dokotala, mwatumiza?” Koma kuseri kwake ndinamva tambala akulira. Chipatala cha ku Lusaka chanji choweta nkhuku m'chipinda cha odwala? Ndipo tambalayo ndinamutchera khutu bwino, anayamba kulira m'Chichewa cha ku Malawi n'kumalizira m'Chipwitikizi, ndiye ndinadziwiratu kuti kathyaliyu wabisala ku Vubwi, kufupi ndi malire.

Ndinapinda malaya, ndinalavulira m'manja, ndinalowetsa dzanja ili m'kabowo kolankhulira kaja, kabowo koti nyerere imalowa cham'mbali, ndipo mkono unayenda mu netiweki, unakwera mapiri, unadutsa Chadiza, unaoloka mitsinje osanyowa, panjira unagundana ndi mauthenga a anthu ena, a chikondi, a maliro, a mitengo ya soya, ndinkangoti pepani pepani ndidutse, mpaka ndinafika. Choyamba ndinagwira tambala uja, ndinam'pepesa n'kumubweza pansi. Ndinapapasanso, ndinagwira mpando, ndinagwira botolo, kenako ndinagwira chinthu chofewa, chofunda, chathukuta. Khutu! Mukumva?

Ndinakoka. Ndinaponda mwendo pa khonde la Che Amidu n'kukoka, ndipo khutu linatulukira pa foni ya alamu pa Katete pomwepo, mwini wake atatsala ku Vubwi chifukwa mimba inakana kulowa m'kabowo, mimba yonenepa ndi thukuta la amayi amasiye. Khutulo linatamuka ngati legeni, ndinayenda nalo chobwerera m'mbuyo kudutsa pa ogulitsa tomato, pa ogulitsa kaunjika, mpaka pokwerera mabasi, amayi ena anayanikapo zitenje, anyamata a njinga za moto ankawerama podutsa, Che Amidu anabwera ndi ndodo yake yoyezera nsalu, anayeza, anayeza, mpaka ndodo inaperepeseka n'kusanduka chotokosera m'mano. Ndipo ine ndinaika pakamwa pa khutupo n'kumuuza zonse: za denga lodontha, za makasu amene mayiyu wathyola, za nsapato imodzi kumanja. Ankangokuwa kuti ndalapa bwana, ndalapa, udokotala wonse utathera m'mphuno.

Nditatopa ndinalisiya. Linabwerera lokha, phwaa! Phokoso lake linamveka maiko atatu, ku Mozambique mango anayoyoka osapsa, ku Malawi ana asukulu anatuluka poganiza kuti belu lalira.

Ine ndinkati basi ndathana naye, koma Che Amidu ndi munthu woganiza. Anati, “Bambo Mbewe, khutu mwalibweza, koma nambala ikadali yamoyo. Mawa aliza mayi wina.” Anatiletsa kufufuta uthenga uja, chifukwa ndiwo umboni. Pakhoma la kanyumba kake panali nambala yaifupi ya kampani ya mafoni, yonenerako za akathyali, ndipo anati tiutumize kumeneko uthengawo pamodzi ndi nambala imene unachokera. Kudina batani ndinadina ndine, ndi chala chachikulu ichi, ndipo ndinadina mwamphamvu moti nsanja ya netiweki ya pa Katete inawerama mpaka kugunda pansi ngati ikupereka moni kwa apongozi, ndipo masimu a m'mafoni a mbava anayamba kuphulika ngati mbuliwuli m'chiwaya, thu, thu, thu, kuyambira Sinda, Mkaika, mpaka Vubwi, ena m'matumba a mathalauza, ndipo tsiku limenelo aliyense woyenda chotsimphina atagwira ntchafu ankadziwika ntchito yake. Kuchoka apo tinapita kupolisi, alamu anaonetsa uthenga, anafotokoza okha mwadongosolo, misozi itauma. Patapita masiku ndinayesanso nambala ija, ndipo mayi wa kampani wolankhula m'foni uja anati nambala imene mwaimbayi kulibe, kenako anatsitsa mawu n'kuti, zikomo kwambiri bambo Mbewe.

Malata anagula tsiku lomwelo kwa Che Amidu, ndipo ndinawasenza ndekha pamutu mpaka kumudzi, mphepo ikandinyamula ndinkauluka pang'ono n'kuteranso. Lameki anabwera mwezi wotsatira kudzakhoma. Pitani mukaone, mvula ikamagwa mayi uja amagona mpaka kuwomba mkonono.

Tsono ndikudziwa ena mwa inu mukafunsa aNabanda eni ake, ndiye ndikuuzirenitu. Iwo akakuuzani kuti tinakwera minibasi imodzi, kuti ine ndinkapita kukagula mbewu ya repu, kuti ndinagona njira yonse kukamwa kuli yasa, ndipo kuti pa sitolo paja ndinangonena mawu ochepa akuti imbirani kaye mwanayo. Musawaimbe mlandu. Munthu amene m'maso mwadzaza misozi angaone bwanji khutu, ngakhale litadutsa msika wonse? Iwo anaona zawo, ine ndinagwira zanga, ndipo phula la m'khutu lija linanditenga sopo wathunthu kuti lichoke m'zikhadabo. Amene akutsutsabe asavutike ndi kulankhula. Apite kuseri uko, andiimbire foni, aike bwinobwino pakhutu, ndiyeno adikire.