Linga la Asilikali Lonunkha Fodya

Mpaka lero, wina akayamba nkhani ya malo akale a mbiri, ine ndimangoyang'ana pansi. Imvani chimene chinandichitikira.

Masiku aja munthu sunkakwera basi wopanda khadi ya chipani m'thumba, ndinali mphunzitsi pasukulu ina ku Mangochi. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo mapiri a kuno ndinkangowadziwira m'buku. Mtima wanga unali pa Agnesi, namwino wa pachipatala, mwana wa konkuno. Chaka chathunthu ndinkalephera kumuuza zakukhosi. Kenako ndinamva kuti mkulu wina wa galimoto wayamba kumuzungulira. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni.

Ndiye ndinakonza pulani: ndipite naye ku linga lakale la asilikali achizungu kumapiri a ku Namwera, ndikamugometse ndi maphunziro, ndikamufunsire pomwepo. (Kumaloko ndinali ndisanapondeko, koma izi sindinamuuze.)

Titatsika basi, Agnesi anati, "Aphunzitsi, bwanji tifunse njira?"

"Ine kufunsa? Mapu ali m'mutumu."

Tinayenda maola awiri, ine ndili m'jekete, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pamphambano iliyonse Agnesi ankatsogolako pang'ono, ine n'kumati, "Eya, ndi yomweyi." Mwadzidzidzi tinatulukira pa makoma ataliatali a njerwa, opanda denga, udzu utamera m'ming'alu. Mtima unakhala pansi. Ndinakonza tayi n'kuyamba phunziro.

"Mabowo a m'munsiwa ndi motulutsira mifuti. Kudaku ndi utsi wa onga. Mitengo yopingasa m'mwambayi ankayanikapo mayunifomu."

Agnesi ankangoti, "Ooh," atatseka pakamwa ndi mpango. (Ine ndinkati wagoma.) Ndinawonjezera ndi nkhondo ya masiku atatu imene ngakhale buku siliidziwa.

Ndili pa tsiku lachiwiri la nkhondoyo, tinamva kutsokomola. Pakhomo panali bambo wachikulire, khasu paphewa.

"Sikomo bambo. Asilikali ake ati? Iyi ndi balani ya fodya. Njerwazi ndinaumba ndine, nthawi ya esiteti. Mabowowo ndi a moto. Linga lanulo lili uko," anatero akuloza phiri lina lakutali kwambiri.

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo ndi tayi yemwe. Koma potembenuka ndinapeza Agnesi atagwada.

"Mjomba, mwaswera bwanji?"

Amalume ake! Mwini mbumba, munthu amene aliyense wofuna kukwatira Agnesi anayenera kuyamba wamuona. Ndinali nditamunamiza m'munda mwake momwe.

Mkuluyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Aphunzitsi umanena aja ndi awa?"

"Ndi omwewa, mjomba. Akhala chaka osalankhula, ndiye ndinati akasochera ndiwabweretse."

Manyazi ndi chimwemwe zinandigwira nthawi imodzi. Kani ankandinena kwawo!

"Tsono bambo," anatero amalumewo akutula khasu, "mwabwerera linga, kapena mwabwera kwa ine?"

"Kwa inu, bambo."

"Khalani pa njerwapo. Koma apa munene zoona zokhazokha."

Ndinanena zoona, mwachibwibwi, ndipo zinandipatsa mkazi amene ndili naye mpaka pano. Mwina mukuganiza kuti ndinatolapo phunziro. Lolemba lake ndinauza ana a Sitandade 7 kuti lingalo ndinaliona ndi maso angawa.