Kazako wa amalume ndidamuchapa ndine

Anzanga, inu mukamaona anyamata a masiku ano akulimbirana majekete achikopa okwinyika pa kaunjika, ati akalekale ndiwo okoma, mumangoseka. Ine sindiseka, ndimayang'ana kumbali. Nzeru imeneyo iwo aitola panjira, ine ndidaigula ndi manyazi, ndipo ndikaikumbukira nkhaniyi makutu amanditentha mpaka lero.

Nthawi imeneyo Apwitikizi adakalipo, Ulongwe tikungomutchula kuti ku Vila. Ine ndidali kamphunzitsi pa kasukulu kakumudzi ka pansi pa misawu, kapena kuti mishoni, ya Fonte Boa, anthu n'kumandiitana kuti apolofesolo, ndipo dzina limenelo lidandiledzeretsa kuposa kachasu. Nsapato zanga zinkawala mpaka nkhuku kumadzijompha zokha pamenepo. Chilichonse chakale, chofwifwa kapena chazigamba, kwa ine chidali umphawi basi.

Ndiye kudabwera Rozina, mtsikana wa kumbali ya Domwe, kudzaphunzira kusoka kwa masisitere. Tidagwirizana bwinobwino, kudangotsala kuti ndikaonekere kwawo. Apa ndiye padali phiri, chifukwa bambo ake, a Jeremiyasi, adali atabweza kale mnyamata wina wolemba mu ofesi ku Vila, ati iwo mwana wawo sangampereke kwa munthu amene sakumudziwa mizu yake. Ine kumva zimenezo ndidathamangira kwa amalume anga a Zakariya, mlongo wawo wa amayi, kuti andiuze chochita.

Amalumewo adali munthu woti mawu ake uchite kuwakumba. Adagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, ndipo kumeneko adabwerako ndi chifuwa komanso jekete lachikopa, limene kwathu timati kazako. Kazako ameneyu mudzi wonse unkamudziwa: mtundu wake ngati fodya wouma, m'zigongono mutayera, kolala itafewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi, paphewa lakumanzere pali chipsera cha moto. Ankanunkhira utsi ndi fodya, ndipo chisanu cha kuno kumapiri chikaluma, amalume ankangomukokera kukhosi n'kumayenda ngati kulibe kanthu.

Nditatchula dzina la a Jeremiyasi a ku Domwe, amalume adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kazako uja.

"Ukavale uyu. Ukafika usakachuluke zonena, uyu akakulankhulira."

"Amalume, komatu wakalamba uyu."

"Eya, wakalamba," adatero, n'kubwerera ku mpini umene ankasema.

Munthu wanzeru akadafunsa kuti chovala chilankhula bwanji. Koma kodi apolofesolo amafunsa? Ine ndidangomva kuti akufuna ndikaoneke wolemera, ndipo ndidati ndiwathandize maganizo awowo pomukonza kazakoyo kuti akalankhule Chipwitikizi chenicheni. Safunsa adadya phula, akuluakulu adanena kale.

Ndidamutengera kunyumba kwanga kusukulu kuja, m'mawa mwake ndidatsikira naye kumtsinje ndi mtanda wa sabawu, sopo wogula kukasitolo ka kantina, ndi chitsononkho cha chimanga. Ndidamuviika, ndidamukwecha, madzi ofiirira akutuluka ine ndikukondwa kuti litsiro la ku Joni likupita. Ndidamuyanika pampanda padzuwa n'kupita kukaphunzitsa. Pobwerako, abale inu! Kazako atauma gwa, manja atatambasula ngati akufuna ndewu, ndikamugogoda akulira ngati ng'oma. Ndidamuimika pansi, adaima yekha popanda munthu m'kati.

Apa ndiye thukuta lidayamba. Ndidakumbukira kuti okonza zikopa amazifewetsa ndi mafuta, ndipo mwamwayi, kapena nditi mwatsoka, kwa oyandikana nawo adali atapha nkhumba. Ndidakapempha mafuta m'kambale, ndikunama kuti ndikufuna kukazingira kachewere. Ndidamupaka kazako uja kuyambira kukolala mpaka m'matumba, ndikumufinya, ndikumupotokola, ndipo adafewadi pang'ono, koma adatuluka mawangamawanga ngati fisi. Mukuganiza kuti ndidalekera pomwepo n'kupita kukagwada kwa amalume? Ayi ndithu. Ndidatenga galasha wakuda wopakira nsapato, chitini chonse, n'kumumata paliponse, ndipo pachipsera paja ndidachita kubwerezabwereza kuti pasaoneke n'komwe. Nditatha adawala ngati galimoto la mzungu. Ndidaima patali manja m'chiuno, n'kunena ndekha kuti amalume adzandithokoza.

Tsiku la ulendo ndidadzuka m'mamawa, ndidavala malaya anga oyera a kutchalitchi, n'kuponya kazako pamwamba. Kungotembenuza khosi, kolala ya malaya yada bii. Malaya abwino adali omwewo, enawo adali ong'ambika kumsana. Ndiye nzeru zina zidandibwerera: bwanji ndivule malayawo asathere, ndivale kazako yekha, zipi ndikokere mpaka kuchibwano? Adziwa ndani zam'kati? Chikomekome cha mkuyu, ndipo mkuyu wake ndidali ine.

Poyamba zidayenda bwino, chifukwa kunkazizira ndipo njinga inkathamanga. Koma nditangodutsa ku Vila dzuwa lidakwera, ndipo mafuta aja adadzuka. Ndidayamba kumva tinthu tofunda tikuyenda kumsana, tikutsikira m'lamba. Lole ya mbatata idandipitirira n'kundithira fumbi lofiira, fumbi lonse kukakamira pa ine. Kenaka ntchentche. Kenaka galu woyamba, wachikasu wowonda, adatuluka pamudzi wina n'kuyamba kunditsata mwaulemu ndithu, osauwa, mphuno ili m'mwamba. Pamudzi wotsatira adapeza anzake. Ndikapalasa mwamphamvu iwo akuthamanga, ndikaima kuti ndiwagende iwo akukhala pansi n'kumandiyang'ana mwachikondi. Ndidalowa m'mudzi wa a Jeremiyasi ngati mlenje wochokera ku uzimba, kungoti nyama yake ndidali ndemwe.

Rozina adandichingamira kuti alandire njinga. Adangofika pafupi n'kubwerera m'mbuyo.

"Kodi mwagwera m'chiyani?" adanong'ona.

"Ndi fungo la chikopa chatsopano," ndidatero, nkhope ili gwa.

Adandikhazika pampando wabwino pansi pa mtengo wa pichesi, pampandopo atayalapo kansalu koyera kamaluwa kamene Rozina adasoka yekha kwa masisitere. Amayi ake adandilonjera ali patali, atagwada pafupi ndi khomo, monga mwa mwambo wa munthu ndi apongozi ake. Agalu a panjira adawathamangitsa, koma wa pakhomopo adatsala, ndipo pamene ndinkawomba m'manja kuyankha malonje iye adali kalikiliki kundinyambita chigongono.

A Jeremiyasi adali munthu wamtali, wa imvi, wolankhula mosathamanga. Adandifunsa za kwathu, za amayi, kenaka adati, "Amalume anu mwati ndani?"

"A Zakariya, bambo, amene adali ku Joni."

Nkhope yawo idasintha, koma adadzigwira. "A Zakariya a ku Joni alipo ambiri. Wanga ine tidagona chipinda chimodzi kumgodi. Pobwerera chifuwa chidamugwira m'sitima, akunjenjemera, ndiye ndidavula kazako wanga n'kumuveka. Adandilonjeza kuti tsiku limene adzatume munthu wake kwa ine, adzamuveka ameneyo kuti ndimudziwe."

Apo mawu a amalume aja adandibwerera. Akakulankhulira! Ndidati, "Ndi ameneyutu, bambo."

Adadzuka, adandizungulira, adagwira paphewa lakumanzere, chala chidabwerako chakuda. Adachinunkhiza.

"Wanga adali wofiirira. Apa padali popsa, mbaula idandiotcha nditagona pafupi nayo chifukwa cha chisanu, ndipo adandidzutsa ndi Zakariya yemweyo. Uyu ndi wina. Apolofesolo, bodza tsiku loyamba lomweli?"

Ndidaona Rozina atazolika pakhonde, ndipo ndidadziwa kuti ndikutsata mapazi a mnyamata wa ku ofesi uja. Ndidalumbira kuti ndi yemweyo. Mkuluyo adaganiza pang'ono, kenaka adatembenukira kukhomo.

"Amake Rozina, tasenderani kuno pafupi. Paja nditabwera kutchuthi kuja, kazako wanga atang'ambika m'kati, mudamusoka ndi ulusi wofiira? Mudzaone ngati ndi dzanja lanu. Apolofesolo, tavulani."

Mayi wanga ine! Ndidati, "Bambo, ndili ndi chimfine." Chimfine dzuwa lili paliwombo, thukuta likuchucha m'chibwano!

"Kanthawi kochepa sikapha munthu. Vulani."

Apongozi adasendera chogwada mpaka pafupi, maso ali pansi mwaulemu. Ndidapemphera kuti zipi ikane, koma ndi mafuta onse aja idatsetsereka ngati ikukondwera. Ndidavula. Ndipo ndidaima pamenepo, mphunzitsi wa ana a anthu, wopanda malaya pamaso pa apongozi, nthiti zili pamtunda, khosi lakuda, mizere ya galasha ndi mafuta a nkhumba itatsika pachifuwa mpaka pamchombo. Amayiwo adakweza maso kuti aone ulusi wawo, adaona ine. Adangoti "Mayo!" n'kudziphimba kumutu ndi nsalu, ulendo wa kuseri kwa nyumba, akupunthwa pa lichero. Nditacheuka kuti mwina ndikhale pansi ndibisale, ndidaona kansalu ka Rozina kali ndi chithunzi cha msana wanga, chakuda bii. Galu uja adapezerapo mwayi n'kuyamba kundinyambita m'nthiti.

Palibe adaseka, ndipo kuseka kukadakhala bwino. A Jeremiyasi adamutembenuza kazako uja, adafufuza kunsi kwa mkono, ndipo ulusi wofiira udali pomwepo, malo okhawo amene nzeru zanga sizidafikeko. Adakhala pansi n'kumausisita ndi chala chachikulu, maso atadzaza misozi.

"Ndi iyeyu," adatero. "Mwamuchita chiyani?"

Ndidafotokoza zonse, sabawu, chitsononkho, nkhumba, galasha, manja nditaphimba pachifuwa ngati namwali. "Ndimafuna aoneke watsopano, bambo."

"Atsopano ali mbwee m'masitolo ku Tete. Uyu adalipo mmodzi."

Mawu amenewo adandilasa kuposa umaliseche uja. Adandibwereka malaya awo, ofika m'mawondo, nati kazako atsale, adzamutenge mwini wake. Za Rozina sadanenepo kanthu, ndipo ine ndidalibe pakamwa pofunsira. Ndidapalasa ulendo wonse wobwerera nditavala malaya a munthu amene ndidapita kukamugometsa, ndipo agalu a m'njira sadandilabadirenso.

Kwa amalume ndidafika m'mawa mwake. Ndidayembekeza ndodo, kapena kukalipa koti mudzi wonse umve. Iwo adamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi.

"Ndi chipsera chomwe?"

"Ndi chomwe, amalume."

Adayang'ana pansi, adatola chipewa chawo, adatenga njinga yanga osapempha n'kuuyamba wa ku Domwe atavala malaya okha, mphepo ikuomba, akutsokomola. Ndidawayang'ana mpaka adazimirira, ndipo sindidadzionepo wochepa ngati tsiku limenelo. Masiku amene adakhala kumeneko, ana kusukulu ndinkangowapatsa zowerenga ine n'kumayang'ana kumsewu.

Adabwerako atamuvala kazako uja. Akuti akuluakulu awiriwo adakhala padzuwa akumupukuta ndi nsanza zofunda, akukumbutsana za kumgodi. Kuda sikudachoke konse, kumsana adang'aluka ming'alu imene kale padalibe, koma chipsera chija chidayambanso kuonekera pang'ono. Amalume adatsika panjinga, adakhala pakhonde, adapempha madzi, adamwa mosafulumira ine ndili chiimire ngati wopalamula pabwalo.

"Akuti mbeta ndi yako," adatero potsiriza. "Akuti munthu wovomera kuvula pamaso pa apongozi kuti asatchedwe wabodza, mwana wawo angathe kumusunga. Koma pali pangano limodzi, ndipo andiuza kuti ndikuuze mawu ake momwe alili."

"Lotani, amalume?"

"Akuti Rozina akadzayamba makwinya, usadzamutengere kumtsinje ndi chitsononkho, ndipo galasha usadzamuyandikize."

Apo ndiye amalume adaseka, kuseka mpaka chifuwa kuwagwira, ine ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe. Pa ukwati wathu apongozi sadandiyang'ane kumaso, ndipo sindikudziwa ngati udali mwambo kapena ankaopa kuonanso zina.

Kazako uja adandisiyira ine amalume pomwalira, mwina pofuna kuti ndisaiwale. Ali pamsomali kuchipinda, ndipo kukatentha kwambiri kafungo ka nkhumba kamabwerabe kudzandipatsa moni. Sindidamupakenso kanthu, ndipo ndidalumbira kuti chinthu chimene chakalamba bwino, dzanja langa silidzachikonzanso. Rozina makwinya adabwera, imvi zidabwera, ndipo zimamukhala kwabasi. Kungoti mpaka lero, akandiona ndatsegula chitini cha galasha pakhonde, amakoka mpando wake kusendera nawo patali n'kunena kuti, "Nsapato zokhatu, apolofesolo."