Kabatire ka Wotchi ndi Mvula Yodzalira

Lolemba

Kukutentha. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Koma Novembala wafika pakati, ndipo chaka chino ndikufuna mvula yodzalira ilembedwe ndi tsiku lake, ola lake ndi mphindi yake.

Buku langa la mvula lili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zisanu ndi zinayi ndinalemba pamanja. Kenako Tadala, mwana wathu wa ku Lilongwe, anabweretsa kakompyuta kaukulu ngati sopo wochapira, n'kukalumikiza ku choyezera mvula cha pabwalo. Chaka chatha kanandichititsa manyazi. Magetsi atazima, kabatire kosunga wotchi yake kanali katafa kalekale, ine osadziwa, ndipo mvula yoyamba inalowa m'buku yopanda nthawi. Tsamba limenelo likuoneka ngati m'kamwa moguluka dzino.

Kabatire katsopano ndinaika kale. Za sabata ino:

1. Kuuza kompyuta kuti iziyeza yokha mphamvu ya kabatireko.
2. Kuika malire. Mphamvu ikatsika kufika pa 2.5, kabelu ka pakompyutapo kalire.
3. Kukhala pansi n'kudikira mvula.

A Naphiri, akazi anga: "Abambo, anzanu akumaliza mizere." Mizere ndi ya Lachinayi.

Lachiwiri

Buku la malangizo lili pa intaneti, ndipo netiweki ili pachulu, kuseri kwa khola. Ola lathunthu ndili chiimire, foni m'mwamba. Mbuzi zikundiyang'ana.

Mzere wa malamulo umene ndikufuna ulimo kale m'kompyutamo, koma opanga anaugoneka ndi kachizindikiro kutsogolo kwake. Ndikufufuta kachizindikiroko. Basi! Ntchito yonse ndi yomweyo.

Bukuli likuchenjeza kuti kuyeza pafupipafupi kumadya kabatire komweko. N'chimodzimodzi kufukula mtedza tsiku lililonse kuti uone ngati wamera. Ndikuika kuti iziyeza kamodzi pa ola.

Tsamba lina likunena zimene sindimadziwa. M'kati mwa wotchiyi muli kamwala kochepa ngati njere ya mpunga, kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Nyumba yonse itazima, iko kamanjenjemerabe kokha mumdima, kuwerenga. Ndikuyandikitsa khutu. Zii. Tiyi wazizira ndikuganiza za kamwalako.

Lachitatu

Yayankha!

6 koloko m'mawa: 2.9
Masana, malata atatentha: 3.0
Madzulo: 2.9

Papepala la kabatireka analemba 3. Nanga kachidutswa kakusowako kapita kuti? Buku likuti kutentha kumasintha manambala pang'ono, ndipo 2.9 ndi wabwino. Ndikuvomera. Koma wanena 2.9 ndi kompyuta, ndipo kompyutayo palibe amene waiyeza. Mboni imodzi sizengetsa mlandu.

Kumpoto, cha ku Nsaru, kamtambo kamodzi kooneka ngati thonje lothawa m'thumba. Ndikukayang'ana mpaka kusungunuka.

Lachinayi

Tsiku loyesa kabelu. Ndikukweza malire mwadala kufika pa 3.2 kuti ndimve ngati kalira.

Kakulira. Kakulira bwino kwambiri, amayi a kutchalitchi asanu ndi atatu ali pakati pa pemphero pabalaza pathu. Batani lokatontholetsa sindinaike, chifukwa sindinaganize kuti munthu angafune kutontholetsa choonadi. Mmodzi wa amayiwo, maso ali chitsinzire: "Ndi foni ya ndani imeneyo, eti?"

Ndikukwawa kudutsa pakati pa zitenje, ndikuzula nthambo pakhoma, ndikuwerenga mpaka khumi, ndikubwezera. Chete. Malire abwerera pa 2.5, ndipo wotchi sinataye ngakhale sekondi imodzi. Kabatire kagwira ntchito yake! Ndikufuna kuuza wina, koma a Naphiri akundiyang'ana mwa mtundu wina.

Mizere ndi ya Loweruka.

Lachisanu

Ndikufuna mboni yachiwiri. A Chisale, owotcherera zitsulo pamsika, ali ndi mita yoyezera magetsi. Ndabwereka. Siikuyaka. Batire ya mitayo inatha nthawi ya Isitala.

A Chisale: "Ingonyambitani, aphunzitsi. Kakaluma lilime ndiye kuti kali moyo." Ndaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu. Lilime lilibe manambala.

Zimene anthu akuti ndi zizindikiro za mvula ya mawa:

nyerere zikusamutsa mazira;
achule ayamba kuyesa mawu kudambo;
bondo la a Naphiri.

Zanyengo pafoni zikuti Lachiwiri. Nyerere sizinalembepo lipoti.

Loweruka m'mawa

Ku Namitete kuli wokonza mawailesi amene mita yake ndi yamoyo. Kupita ndi kubwera, maola atatu. Magetsi sanazime chiyambire sabata ino, ndipo kompyuta ikakhala pamagetsi wotchi siidalira kabatire. Ndaganiza mbali zonse.

9:10. Ndikuchotsa kabatire, ndikukakulunga m'pepala, m'thumba la malaya. Kabaza wafika.

Loweruka masana

Mita ya ku Namitete ikuti 2.9.

Kompyuta imanena zoona. Mboni ziwiri zagwirizana! Ndikutuluka m'shopu wopepuka ngati mwana amene wakhoza mayeso, ndipo kunja kwada. Mphepo ikuzungulitsa mapepala pamsika. Fungo lija, la dothi louma likamva madzi ali kutali.

Ikugwa. Tili anthu ngati makumi awiri pakhonde la golosale, mapewa kugundana. Madontho akuluakulu akubowola fumbi, kenako msewu wonse ukusanduka mtsinje wofiira. Mayi wina akuseka yekha, dzanja lili panja. Ndikuganiza za choyezera changa chikumwa, dontho ndi dontho, kamwala kakuwerenga.

Dzanja langa lapita pachifuwa. Kabatire.

Kompyuta imayeza kamodzi pa ola. Nthawi ya 10 koloko inayeza malo opanda kanthu. Ziro ndi wochepa kuposa 2.5.

Foni ya a Naphiri siikupezeka. Akabaza akukana msewu wathu mpaka madzi aphwe.

Lamlungu

Mamilimita 34. Mvula yodzalira yeniyeni. Tsiku lake, malinga ndi kompyuta: 1 Januwale 2000, pakati pa usiku. Tsiku lomwelo lalembedwa kanayi.

A Naphiri akufotokoza mosabisa. Kabelu kanayamba kulira 10 koloko, ine nditapita. Anachita zimene anandiona ndikuchita Lachinayi: kuzula nthambo. Koma podziwa kuti mtima wanga uli pamvulayi, ankati mutu ukazizira n'kubwezera. Pakapita ola, kakulira. Kuzula. Kubwezera. Popanda kabatire, ulendo uliwonse wotchi inkayambiranso pachiyambi penipeni. Akanazula kamodzi kokha ndikanawerengera chobwerera m'mbuyo. Kanayi, ndi mipata yosadziwika pakati, masamu akukana.

"Ndimati ndikuthandizeni, abambo."

Anandithandizadi. Popanda iwo ngakhale 34 sakanalembedwa.

Aliyense anachita zoyenera. Kompyuta inayeza, kabelu kanalira, magetsi sanazime. Kabatire nako kali bwino, kabwerera m'malo mwake.

Ndikutenga buku ndi pensulo. Tsiku ndikulidziwa, ndinanyowa nalo. Ola la ku Namitete si ola la kuno, mvula siifika paliponse nthawi imodzi. Ndikufunsa a Naphiri kuti inayamba nthawi yanji.

"Nditangoanula mabulangete, mbuzi zisanalowe."

Danga la ola ndi laling'ono, analikonzera manambala anayi. Ndikulemba tizilembo tating'ono, ndipo mbuzi zikutulukira m'mphepete mwa tsamba.