Diso la Mfuti ya a Tiki

Pa migodi yonse yozungulira Mvuma panalibe wosadziwa kuti a Tiki ali ndi mfuti yokhota diso. Dzina lawo la pa chitupa linali Gedion, koma linafa tsiku lomwe anatenga tiki, kandalama kasiliva kaja, n'kuidula pakati, n'kuiika kunsonga kwa mfuti kuti ikhale cholozera. Sanaiike pakati monga achitira anthu a nzeru zawo. Anaipendeketsa kumanzere, ndipo kampata ka kumbuyo koyang'aniramo anakapala ndi tupa mpaka nako kanasamukira komweko.

Mfutiyo inali ya mgodi, ija ya chogwirira cha pansi chomwe umachikankha n'kuchibweza, khwatya, chipolopolo n'kulowa. Anawapatsa kuti azilondera munda wa chimanga cha komboni, chifukwa anyani a kumeneko ankakolola ngati analima nawo. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankakhala pansi pa mkuyu, mfuti pamiyendo, tupa ikulira kwee, kwee. Akazi awo, a Esteri, ankauza anzawo kuchitsime kuti iwo ali pamitala, ndipo mafuta onse a m'nyumbamo amadzola mkazi wamng'ono.

Kawombedwe kake nako kanali kosowetsa mtendere. Ankatsamiritsa mfuti paphewa lamanja, n'kugoneka mutu pamwamba pake ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Anthu ankagwa nako kuseka, koma nyani naye ankagwa, ndipo sankadzukanso. Tsiku lina Sande, wapolisi wa pakomboni, anaibwereka mwamakani kuti aphe nguluwe. Nguluweyo inapita kwawo ili bwinobwino. Chomwe chinafa ndi buluku la kalaliki lomwe linali poyanika, ndipo kalaliki anayenda ndi chigamba pamalo osatchulika mpaka Khirisimasi. A Tiki atamva anangoti mkazi wa mwini sabwerekedwa.

Munthu amene mfuti imeneyi inkamuwawa kwenikweni anali Elifas, wosula majombolo, zitsulo zoboolera mwala pansi pa mgodi. Iye ndi a Tiki anachokera limodzi ku Ntcheu, wapansi, kudzera ku Tete. Elifas anali munthu wabwino, koma anali ndi nthenda imodzi: chinthu chokhota chinkamuyabwa m'maso. Ankatha kuwongola chogwirira cha ndowa ya mwini asanapereke n'komwe moni.

"Achimwene, ndipatseni tsiku limodzi lokha ndikuwongolereni diso la mfutiyi," ankapempha motero pafupifupi sabata iliyonse.

"Iwe uziwongola majombolo ako. Iyi inabadwa chomwechi, ndipo tinazolowerana."

M'chaka cha 1938 pamgodipo panabwera bwana watsopano, wosaseka ndi munthu. Analengeza kuti madala onse aonetse kuti akadali ndi ntchito m'thupi. Wolephera asiye nyumba ya pakomboni, akwere lole ya Ulere, ija yonyamula antchito osalipira, kubwerera ku Nyasalande. Mayeso a a Tiki anali Lolemba: chitini cha palafini pachulu, zipolopolo zitatu. Loweruka bwana analanda mfutiyo n'kuitumiza kuchipala, kosulira zitsulo kuja, kuti Elifas aipukute ndi kuithira mafuta.

Elifas anadziuza kuti bwana akaona diso lokhotalo adzati mdala waononga katundu wa mgodi. Anadziuza kuti akupulumutsa mbale wake. Koma tinene zoona, manja ake anali akuyabwa kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anagomola tiki ija ndi kanyundo n'kuiponya m'thumba. Anasula kachitsulo kosalala, anakoka ulusi kuchokera kumbuyo mpaka kunsonga, anatseka kampata kakale n'kupala katsopano pakati penipeni. Atamaliza anaiyang'ana mfutiyo ndipo anadzitamandira yekha mumtima.

Lolemba komboni yonse inakhamukira kuchulu. A Tiki analandira mfuti m'manja mwa bwana, n'kuyendetsa chala chachikulu pampope monga mwa chizolowezi. Chalacho chitafika kunsonga chinaima. Anakweza mutu, anamuyang'ana Elifas kamodzi kokha, n'kuika mfuti paphewa. Chipolopolo choyamba chinapha fumbi, anthu anaseka. Chachiwiri chinathyola nthambi ya mtengo wosalakwa. Chachitatu ena amati chidakali paulendo wa ku Gwelo, koma panthawiyo panalibenso woseka.

"Wena madala, hamba kaya," anatero bwana m'chilankhulo cha pamgodi, kutanthauza kuti mdala azipita kwawo, n'kutembenuka.

Madzulo a tsiku lomwelo a Esteri anafika kuchipala. Sanakalipe, ndipo Elifas akanakonda akanakalipa. Anamuuza kuti diso lamanja la amuna awo linafa kalekale, tsiku lomwe wonga unawaphulikira pafupi akadagwira ntchito ya pansi. Kunja limaoneka labwino, koma mkati muli nkhungu yokhayokha. A Tiki anabisira aliyense poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo kupala konse kuja kunali kusamutsa diso la mfuti kuti likumane ndi diso lawo lamanzere.

"Nanga bwanji sananene pamaso pa bwana kuti ndaigwira ndine?"

"Akananena, lole ikananyamula mabanja awiri. Inu muli ndi ana anayi, alamu."

A Esteri atapita, Elifas anatola mpini wa khasu, anauika paphewa lamanja, anatsinzina diso lamanja n'kuyesa kulozetsa pakhomo. Mutu wake unagona wokha ngati wa nkhuku ija. Amati safunsa anadya phula, koma apa phula analidya wina.

Lole inachedwa masiku asanu. Tsiku lililonse Elifas ankanyamuka kuti akaulule kuofesi, tsiku lililonse ankafika pamkuyu, n'kukumbukira ana anayi aja, n'kubwerera. Anachita mantha, palibe dzina lina loti tingazipatse.

Tsiku lonyamuka anawanyamulira bokosi mpaka kumsewu, tiki ija ataifumbata m'thumba mpaka kunyowa thukuta. Anayamba kuti, "Achimwene, ine ndi amene..." koma a Tiki anamugwira dzanja.

"Ntchito ndaiona, mng'ono wanga. Yowongoka ngati njanji. Tangoganiza, mfuti kuona bwino kuposa mwini wake." Anaseka, n'kusolola tupa yawo yokulunga m'kansanza. "Tenga. Kwathu kulibe choti ndikapale."

Elifas analandira tupa, koma tiki inakanirira m'thumba. Mvula isanagwe kawiri, kalata inafika yoti a Tiki anatisiya. A Esteri analembetsa kuti mpaka kumapeto amuna awo ankapitikitsa anyani m'munda mwa mchemwali wawo ndi mpini paphewa, akufuula okha kuti phuu.

Pakomboni mlonda watsopano anali mnyamata wa maso awiri ndi mfuti yowongoka, ndipo anyani ananenepa kuposa kalaliki. Anthu ankasimbabe nkhani ya buluku ija, koma ikafika pakati ankapeza kuti palibe woimaliza bwino. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankadutsa pamkuyu paja mofulumira, chifukwa panali zii. Elifas yekha ndi amene ankakhalapo. Ankatulutsa theka la tiki lopendekeka lija n'kuliika pabondo, tupa ili m'manja, ndipo mpaka tsiku la imfa yake sanaliwongole.