Mapaipi Anayi pa Pikapu ya Bambo

Bambo, musanandikalipire, mverani kaye. Pikapu yanu ilipo, kungoti inasintha mawu kwa tsiku limodzi.

Patangotha masabata awiri titakuikani m'manda, ang'ono anu a Filipo anatumiza uthenga kuchokera ku Ntchisi kuti Loweruka ndiwapititsire galimotoyo. Akuti mwana wothawa sukulu mu Fomu 2 sangasunge galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Kumaliro sanabwere, akuti mwendo, koma mwendo womwewo ukufuna kuponda kilachi. Ndinati chabwino, ndipita nayo, koma akaone okha kuti ili m'manja mwa munthu wodziwa, achite manyazi kundilanda.

Ndiye pamsika wa ku Dzaleka ndinaona chinthu: mapaipi anayi onyezimira, opindika ngati zala, okumana pamodzi kumunsi. Wogulitsa anati amalowa m'malo mwa chitsulo chadzimbiri chija chotulutsa utsi m'mbali mwa injini. "Mukamanga awa, akulu, injini imapuma bwino, phiri imakwera ngati mbuzi." Ine chidwi chinandigwira. Injini imapuma? Ndiye kuti zaka zonsezi inu munkayendetsa galimoto yobanika? Ndinafuna kumva ndi makutu anga.

Lachisanu ndinatenga masipanala anu. Mabawuti onse anamasuka kupatula limodzi, limene linathyokera m'kati. Ndinati otsalawa agwira, nanga si ambiri? Gasiketi yakale yotseka mpata pakati pa injini ndi chitsulocho inanyenyeka ngati fodya wouma, ine n'kudula ina pa katoni. Inde, Bambo, katoni. Kenako ndinapeza kuti mapaipi atsopanowo sakufika pa paipi yopita ku sayilensa, patsala mpata wolowa chikhatho. Ndinalumikiza ndi chitini cha mkaka n'kumanga ndi waya. Mayi anasuzumira nati, "Atate ako ankamanga choncho?" Ndinati, "Izi ndi zamakono, mayi."

Loweruka ndinaigubuduza pamtsetse paja munkaiimika, poti sitata inafa inu muli moyo. Inalira bwinobwino. Pachitunda choyamba katoni inapsa. Pachitunda chachiwiri chitini chinauluka, ndinachiona pagalasi chikulowera m'munda wa mtedza. Phokoso lake, kalanga ine! Mbuzi zinadula zingwe, wanjinga wina analowa nayo m'ngalande. Koma mphamvu, sindinama, inalipo, moti ndinkangoponda kuti ndione ngati ingawonjezeke.

Ndikutsetsereka kulowera kudambo ndinaona masamba ataikidwa pamsewu. Maliro. Munandiphunzitsa nokha kuti ukaona masamba, chepetsa liwiro, vula chipewa, dutsa mwakachetechete. Ndinachepetsa, koma ndikangochotsa phazi inkawomba ngati mfuti, phaa! phaa! Bokosi linali likutuluka m'nyumba, amayi anasiyira nyimbo pakati, mudzi wonse maso pa ine. Ndinachita chimene mwana woleredwa bwino akanachita, ndinathimitsa injini.

Pansi penipeni pa dambo. Phiri kutsogolo, phiri kumbuyo, sitata palibe.

Nanga ndikanatani? Ndinatsika, chipewa kumanja, n'kulowa pamzere mpaka kumanda. Malemuyo sindimawadziwa, koma ndinalira, Bambo, kuposa ana awo. Tsiku lanu lija sindinalire, ndinali kalikiliki kuyang'ana kumsewu, kuwerenga amene sakubwera. Apa misozi inangotuluka yokha. Mayi wina anandisisita pamsana nati, "Pepani, anali ndani wanu?" Ndinati, "Tinkadziwana pamsewu."

Atatha kukwirira, adzukulu okumba manda anandizungulira makasu ali paphewa. Mmodzi anati, "Achimwene, mukanalawirira ndi chilombo chanuchi agogo akanadzuka, ife osakumba." Anaseka onse. Kenako anaika makasu pansi n'kuyamba kukankha. Anthu ochokera kumanda anawonjezera manja, mpaka a katekisiti, buku lili m'khwapa. Anaikweza theka la phiri n'kuisiya itsetsereke chambuyo, ine ndili pa rivesi. Inaliranso, phaa! Nkhuku kubalalika, iwo kundibayibitsa akugwira makutu.

A Filipo anandimva ndili tsidya lina. Ndinawapeza ataima panja, mwendo uli bwinobwino. Anazungulira galimoto, anawerama, anaona waya ukulendewera.

"Iwe mwana, waipha galimoto ya achimwene! Thimitsa!"

"Ndikathimitsa mukankha ndinu, bambo aang'ono."

Anayang'ana chitunda cha pakhomo pawo, anayang'ana mwendo wawo.

"Choka nayo! Ndisadzaionenso pano!"

Ndiye ili kwathu, Bambo, pamtsetse pake, ndipo ndi yathu. Makanika wa ku Mtengowanthenga wachotsa bawuti lothyoka lija akuseka mpaka kutsokomola, chitsulo chanu chadzimbiri chabwerera pamalo pake. Mapaipi onyezimirawo mayi akuyanikapo matumba. Ndalumbira kuti injini ibanike, ipume, ine sindidzalowereraponso.

Chimodzi chokha ndikudabwabe. Anthu osakudziwani anavula majekete n'kukankha galimoto yanu mpaka theka la phiri lija. Koma amene munkawanyamulira fodya ulere zaka zonsezi sanabwere kudzaponya ngakhale dothi lodzaza chikhatho: a Filipo, a Lameki a ku Chezi, azakhali a Rozina, ndi amuna awo amene anatumiza moni pafoni.