Foni Imene Inaitanitsa Maliro

Mpaka lero, ndikangotulutsa foni m'thumba pagulu, anthu a m'mudzi wa akazi anga amayamba kutsinana. Sindiwaimba mlandu, ndinaziputa ndekha.

Akazi angawo, amake Tadala, amathyola tiyi ku esiteti. Chibadwire mwana wathu womaliza, ankamva ululu m'munsi mwa mimba umene sunkatha. M'mawa ankakhalako bwino, koma akaima tsiku lonse dengu lili kumsana, ankabwera atapindika, dzanja lili m'chiuno. Tinamwa mankhwala a mtundu uliwonse (ndikuti tinamwa chifukwa azitsambawo ndinkayamba kulawa ndine). Pomaliza anatitumiza ku Blantyre, kumene atawaunika pa makina anapeza kuti mitsempha ya magazi ya m'chiuno inatupa, magazi akungodzazana m'menemo m'malo moyenda.

"Sitikung'ambani, mayi," anatero dokotala. "Tilowetsa kachubu pamtsempha wa pakhosi, katsike mpaka m'chiuno, ndiye titseke mitsempha yotupayo ndi tiwaya ting'onoting'ono. Magazi adzadzipezera njira zina zabwino."

Akazi anga anagwedeza mutu ngati akuuzidwa mtengo wa tomato. Chinthu chilowe pakhosi, chidutse pafupi ndi mtima, munthu n'kukhalabe moyo? Ndinachita mantha, sindibisa.

Poti ndine mkamwini, ndinakadziwitsa amalume awo, eni mbumba. Anandiuza kuti, "Mwana wathuyo mukupita naye akuyenda yekha, akamwini. Chilichonse tiziuzidwa."

Tsiku lake litakwana ndinalongedza ngati tikusamuka: ufa, mapoto, mphasa, ngakhale kamtolo ka nkhuni, poti gadiyani wa kuchipatala sadziwa tsiku lotuluka. Foni ya amake Tadala tinasiyira ana. Chimene ndinaiwala ndi chaja ya foni yanga.

Atawalowetsa m'chipinda cha opaleshoni, ndinatsala pabenchi. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ndinafika mpaka pa lodalitsa chakudya. Chitseko chikangoti kwee, mtima unkati phaa. Ndinayamba kuganiza za ana, ndi za mmene mkamwini woferedwa amanyamulira chikwama chake kubwerera kwawo. Kenako nesi anatuluka.

"Bambo, zatheka. Akukufunsani."

Ndinawapeza ali maso, kapulasitala pakhosi kosaposa chitsekerero cha botolo. "Mwaima bwanji ngati mwaona mzukwa?" anatero. "Kafunseni ngati ndingamwe tiyi."

Ndinathamangira panja kuti ndiimbire amalume nkhani yabwinoyi.

"Halo, akamwini? Zili bwanji kumeneko?"

"Amalume... amake Tadala..."

Basi mantha onse amene ndinasunga chiyambire anatulukira pakamwa. Ndinalira, abale, osati kugwetsa misozi mwaulemu ayi, koma kulira kwa mbuzi yomangidwa panjinga. Ndikuti ndipume kuti ndimalize mawu, foni inazima. Nambala ya munthu aliyense sindiisunga pamtima (yanga yomwe ndimachita kufunsa Tadala). Ndinadzilimbitsa mtima kuti nkhani yabwino siiwola, akamva mawa.

Kutacha anatitulutsa, ufa wosamasula n'komwe. Titatsika minibasi tinakwera makabaza. Tikuyandikira kwathu, tinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, ndipo akabaza anatsika n'kuyamba kukankha njinga monga mwa mwambo.

"Kalanga ine, watisiya ndani?" anafunsa akazi anga.

"Akuti mayi wina wothyola tiyi, wamwalirira ku Blantyre dzulo," anayankha wakabaza wawo. "Amuna ake ndi amene anaimba foni. Akuti analira zomvetsa chisoni."

Akazi anga anatembenuka pang'onopang'ono, khosi la pulasitala lomwelo, n'kundiyang'ana. Ndinalakalaka nditalowa m'munda wa tiyi osatulukamonso.

Pakhomo tinapeza mipando yathu itatulutsidwa panja, azibambo ali duu pansi pa mtengo wa mango, amayi a kumpingo akuimba m'nyumba. Amake Tadala atangolowa pabwalo, nyimbo inadukira pakati. Mayi wina anataya ndowa ya madzi n'kuliyatsa liwiro. Koma chimene chinandilasa mtima ndi Tadala, mwana wathu woyamba: maso atatupa, mng'ono wake ali kumsana, anaima osasuntha mpaka amake anamuitana ndi dzina. Pamenepo sindinaone choseketsa chilichonse.

Amalume anadikira kuti phokoso lizizire. "Akamwini," anatero, "mwamuna wamkulu akalira pa foni osamaliza mawu, foni n'kuzima osapezekanso, ife timve chiyani?"

Poti ndiwo zinali zitapsa kale, anthu anadya, nyimbo anazisintha kukhala zoyamika, ndipo masamba aja ndinakachotsa ndekha, mudzi wonse ukuonerera.

Ululu uja sunathe tsiku lomwelo, unkachepa pang'onopang'ono. Pano amake Tadala amabwera kuchokera kumunda ali chilili, akuimba. Anandiuza tsiku lina kuti, "Zaka zonse zija ndikubuula simunagwetsepo msozi. Tsiku limene ndinachira ndiye munandilira mpaka kundiitanira adzukulu okumba manda."

Masiku ano ndikaimbira amalume amayankha kuti, "Apatseni foni mayiwo." Sindidandaula. Ndikawaona akutsika mtunda wa ku esiteti dengu lili kumsana, dzanja losagwira m'chiuno, kulira kuja kumafunabe kubwera. Ndimangoonetsetsa kuti foni ili m'thumba.