Waya Wopita kwa Apongozi

Ndiyambe ndanena kuti cholinga changa chinali choyera, chifukwa mukamva zotsatirazi mwina mukayikira. Buluku limene ndinavala tsikulo pano ndi chopukutira mapoto, ndipo sindidandaula, linafera pa ntchito ya Mulungu.

Ine ndine mkamwini kuno kwa Domwe. Nyumba ziwiri, yathu ndi ya apongozi anga aakazi, aNangozo, zinayang'anizana, pakati pali bwalo ndi mtengo waukulu wa mapeyala. Komatu zoyang'anizanazo n'za nyumba zokha. Ife eni ake timaopana monga mwa mwambo: sitionana kumaso, sitilankhulana. Tikakumana panjira, iwo amalowa m'chimanga cha uku, ine cha uko. Uthenga uliwonse umadzera mwa mkazi wanga, aNambewe. (Inu a m'tauni amene mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu musatiseke. Ife chikwatiranireni sitinayambanepo.)

Chaka chatha mawondo a apongozi anakana. Kapela yathu ili pamwamba pa chitunda, ndipo mayi amene ngakhale atathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo sankajomba mapemphero, tsopano Lamulungu lililonse ankatsala okha pakhonde, kumangoyang'ana anzawo akukwera. Zinkandiwawa mumtima. Ine ndili ndi radiyo yaikulu yoyendera bateriya ya dzuwa, yosatheka kuinyamula, ndipo Lamulungu m'mawa imaulutsa Misa. Ganizo linandifikira ndili chogwada: bwanji osakoka waya kuchokera m'nyumba mpaka pafupi ndi khonde lawo?

“Mzimu wandiunikira,” ndinawauza aNambewe.

“Chabwino,” iwo anatero. “Ukamabwerera udzere ku khola la mbuzi, ukuunikireninso denga lija.”

Koma uthenga anakapereka, ndipo yankho linabwera lakuti apongozi agwetsa misozi, akuti Lamulungu likubwerali asamba m'mawa n'kuvala chitenje chawo cha kutchalitchi. Basi, lonjezo linali litapita, losabwezekanso.

Nditagulitsa kachewere ku Ulongwe ndinagula koluna, chokuzira mawu chija chonga kabokosi, ndi mpukutu wa waya. Kutalika kwa bwalo ndinayeza ndi maso. Wogulitsa anandifunsa kawiri ngati wayayo akwane, ine n'kumuuza kuti bwalo ndi langa, ndimalidziwa.

Ntchito yoyamba inali kuboola khoma. Ndinkafuna kabowo kolowa chala basi, koma njerwa ya kuno ili ndi maganizo akeake. Nditamenya msomali kachitatu inagwa yathunthu, n'kutenganso inzake. ANambewe anasuzumira pabowopo ali kunja, ine ndili m'kati, tinaonana nkhope yonse.

“Mwatipangira zenera lina, bambo a Filomena? Mphepo ya Juni ikuthokozani.”

Ndinatsekapo ndi thumba la feteleza n'kupitiriza. Waya anathera pakati penipeni pa bwalo. Ndinalumikiza ndi wina wakale amene ankamangira chitseko cha nkhokwe, n'kumukweza pa nsungwi ziwiri. Madzulo omwewo anakola ndowa imene aNambewe anasenza pochokera kumjigo. Zimene ananena sindilemba, poti anakalapa kale.

Zinaonekeratu kuti waya ayenera kudzera m'mwamba, ndipo koluna ikhale mu mtengo wa mapeyala. Vuto linali lakuti mtengowo uli pakhomo penipeni pa apongozi, malo amene ine sindipondako iwo alipo. Mwayi unapezeka Loweruka. ANambewe anati apita nawo kuchipatala panjinga yamoto kukatenga mankhwala a mawondo. Ndinamva njinga ikubwera, ndinamvanso ikupita. Chimene sindinadziwe n'chakuti apongozi anaopa kuzizira, natuma mwana wawoyo kuti apite yekha.

Ndinatsegula radiyo mpaka kumapeto kuti ndikalumikiza ndimve msanga, ndinatenga makwerero anga a bulugamu, n'kukwera ndikuimba nyimbo yotamanda. Ndinakhala chotang'adza pa nthambi, ndinamanga koluna bwinobwino pafupi ndi mutu wanga, kenako ndinagunditsa waya.

Abale, Loweruka masana radiyo siulutsa Misa. Chimene chinaphulika m'khutu mwangamo chinali chinyimbo cha ku mowa, ng'oma zili didididi, mnyamata akuitana mkazi wa mwini kuti atuluke. Ndinadzidzimuka, mwendo unaponda makwerero, makwerero n'kupita pansi. Pofuna kudzigwira ndinatsetsereka pa chitsa cha nthambi, ndipo ndinamva buluku likung'ambika kuchokera pa lamba mpaka kuseri kwa bondo.

Pomwepo chitseko cha apongozi chinatseguka.

Anatuluka ndi ndodo yawo, nayang'ana kumwamba. Ndikukhulupirira, ndipo ndidzafa ndikukhulupirira, kuti anaona nsapato zokha. Anatembenuka msangamsanga n'kukhala pansi, msana kwa ine. Ine ndinazula waya kuti nyimbo yonyansayo ithe. Kunangoti zii, ndipo bata limenelo linali loopsa kuposa nyimbo.

Kudumpha kunali kosatheka, pansi panali patali ndiponso pali miyala ya mafuwa. Kukuwa kunalibe phindu, mudzi wonse unali kumadimba. Munthu yekhayo wondithandiza anali amene sindiloledwa kumuitana. Ndinakumbukira wamfupi uja wa mu Uthenga Wabwino amene anakweranso mumtengo, koma mnzangayo anachita kuitanidwa ndi dzina kuti atsike, ndipo buluku lake linali lathunthu. Mphepo ya kuphiri inapeza pong'ambika paja n'kuyamba utumiki wake. Ndinapemphera, ndinalapa machimo amene ndikuwadziwa, ndinayambanso ena ongowaganizira.

Ndiye panadutsa nkhuku yathadzi ikutolatola. Apongozi anakonza kukhosi.

“Iwe nkhuku,” anatero, “mumtengo mwangamo muli chimbalame chachikulu. Tachifunsa ngati chamanga chisa kapena chili ndi maganizo otsika.”

“Nkhuku iwe,” ndinayankha ndi mawu aulemu, “ukanene kuti chimafuna kutsika, koma makwerero agwa.”

“Nanga nyimbo ija, nkhuku, ndiyo Misa ya masiku ano? Takalambadi.”

“Ukanene kuti ija inali yoyesera chabe.”

“Oo. Yamveka bwino. Mpaka mawu onse.”

Mapewa awo ankagwedera. Ndinadziuza kuti n'kuzizira.

Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anavula chitenje chapamwamba, anadzifunditsa kumutu mpaka pachifuwa ngati thumba, n'kuyamba kubwera chafutambuyo, ndodo ikufufuza pansi. Mawondo ndiwo anatha, koma mikono ya mayi wolima nyemba moyo wake wonse inali ikadalipo. Anawapeza makwerero, anawadzutsa, n'kuwatsamiritsa pa mpweya.

“Nkhuku, kumanzere pang'ono!”

Makwerero anapita kumanja.

“Nkhuku, kumanzere kwina!”

“Nkhuku, uchiuze chimbalamecho kuti ine ndili mumdima, chisandilamule ngati woyendetsa ngolo.”

Nkhukuyo, dziwani, inali itapita kalekale kuseri kwa nkhokwe. Tonse tinadziwa, koma palibe amene anafuna kuichotsa ntchito.

Makwerero atagunda nthambi ndinatsika, dzanja limodzi pa makwerero, lina litagwira chipewa kumbuyo. Nditaponda pansi ndinafuna kuthawa, koma m'chitenje muja munatuluka mawu, tsopano opanda nthabwala.

“Nkhuku, tandifunsira. Mawa ndimva?”

Ndinayang'ana kumwamba. Waya amene ndinazula uja anali lende, akugwedezeka ndi mphepo. Koluna inali chete pa nthambi. Ndikanatha kudikira aNambewe, koma akapita kuchipatala amabwera dzuwa litapendeka, ndipo mumdima mumtengo simukwereka.

“Ukanene kuti amva,” ndinatero. “Koma pafunika wogwira makwerero.”

“Alipo. Koma chimbalamecho chiyambe chakasintha nthenga.”

Ndinapita chafutambuyo mpaka m'nyumba, ndinavala buluku lina, ndinatsitsa radiyo n'kuiika pa nyumba youlutsira mawu yoyenera, ndipo ndinakweranso. Apongozi anagwira makwerero nthawi yonseyo ali chifundire, akung'ung'udza nyimbo ya Maria. Nditagunditsa waya panamveka mawu a sisitere akuphunzitsa katekisimu, ofatsa ngati madzi a m'chitsime. Pansi ndinamva kuti, “Eyaa.”

M'mawa mwake sindinapite ku kapela. Ndinakhala m'nyumba pafupi ndi radiyo kuopa kuti china chingalakwike, ndipo ndinasuntha thumba la feteleza lija pang'ono. Apongozi anali pampando pansi pa mtengo, atasamba, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Wansembe akapereka moni, iwo ankayankha mokweza ngati ali pa benchi la kutsogolo. Pofika pa kugwada anayesa, mawondo anakana, ndiye anangoweramitsa mutu. Ine ndinabwezera thumba pamalo pake, poti maso anga anayamba kuchita zawozawo.

Ndinkaganiza kuti za mumtengo zija zatsala pakati pa ine, iwo ndi Mulungu. Koma aNambewe pobwera ku kapela anadzera kwa mayi awo, ndipo kuseka kumene kunachokera kumeneko kunamveka bwalo lonse popanda waya. Pofika Lachitatu amayi onse a mumphakati mwathu, kagulu kathu ka mapemphero, anali atadziwa ngakhale mbali imene buluku linang'ambikira, kutanthauza kuti nkhani ya nsapato zokha ija ndimaikhulupirira ndekha.

Phunziro ndinalitenga: makwerero azimangidwa ndi chingwe, ndipo njinga ikamachoka uziona amene akwerapo. Koma Lamulungu lapitali pansi pa mtengo paja panakhala nkhalamba zinanso za mawondo ofooka, ndipo a kumapeto akudandaula kuti sakumva bwino. Apongozi atumiza uthenga kudzera mwa aNambewe kuti koluna ikwere pa nthambi yapamwamba. Ndavomera.